Ana a Bwaila Dzulo ndi Lero: Kodi Maphunziro Adatsikadi?

Chaka chilichonse bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, pamamveka mawu amodzimodzi pakati pa ife amene tidaphunzira pa Bwaila kalekale. Timati maphunziro adatsika, ana a masiku ano ndi aulesi, ndipo nthawi yathu sizinkatero. Ena amaloza chala aphunzitsi, ena amaloza mafoni a m'manja, pomwe ena amati zonse zidasokonekera pamene kudabwera ndale za matipate. M'nkhani ino tibwerera m'mbuyo pang'ono kuti tione mbiri ya mzinda wathu wa Lilongwe ndi ya maphunziro a sekondale m'dziko muno, n'cholinga choti tikamaweruza ana amene akukhala pa madesiki amene tidasiya, tiziweruza tikudziwa kumene zinthu zidachokera. Zotsatira za Fomu 4 sizingamveke bwino ngati sitifunsa kuti ana amene adalowa Fomu 1 adali ndani, adasankhidwa bwanji, ndipo ankachokera kuti m'mawa uliwonse. Paja akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Chipata chopapatiza

Maphunziro a sekondale adachedwa kufika m'dziko muno. Sukulu yoyamba ya sekondale idali Blantyre Secondary School, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1940, ndipo ya Akatolika ya ku Zomba idatsatira mu 1942. Boma la atsamunda lidatsegula sukulu yake ku Dedza mu 1951, kenaka ina ku Mzuzu mu 1959. Nthawi imeneyo Lilongwe idali tauni yaing'ono ya fodya ndi masitolo a amwenye m'mbali mwa mtsinje, malo amene lero timawatcha Old Town. Kalembera wa anthu wa mu 1966 adapeza kuti m'tauni yonse mudali anthu pafupifupi 19,000 okha. Mu nthawi ya atsamunda ngakhale sukulu zidali zosankhana mitundu: ana a azungu adali ndi sukulu yawo ya Bishop Mackenzie, ana a amwenye adali ndi zawo, ndipo ana a Amalawi ankalimbirana malo ochepa amene adalipo.

Amene adamaliza sekondale dziko lino litangolandira ufulu wodzilamulira mu 1964 ankalemba mayeso a Cambridge ochokera ku Mangalande. M'chaka cha 1969 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe lathulathu la mayeso, ndipo mayeso oyamba a Malawi Certificate of Education adalembedwa mu 1972. Mayeso amenewa ndiwo pambuyo pake adadzatchedwa MSCE. Bungwe la MANEB limene tikulidziwa lero lidabadwa mu 1987, pamene boma lidaphatikiza bungwe lakale lija ndi nthambi ya mayeso ya ku Unduna wa za Maphunziro.

Chimene tiyenera kukumbukira kwambiri pa zaka zimenezi ndi kupapatiza kwa chipata cholowera ku Fomu 1. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mwa ana 10 alionse amene ankalemba mayeso a Sitandade 8, wopeza malo ku sekondale ya boma ankakhala ngati mmodzi yekha. Ambiri ankakhoza mayeso koma osasankhidwa. N'chifukwa chake kubwereza Sitandade 8 kawiri kapena katatu sichidali chinthu chochititsa manyazi, ndipo ena ankafika posintha dzina ndi sukulu kuti aoneke ngati akulemba koyamba. M'kalasi ya Fomu 1 munkapezeka mwana wa zaka 13 atakhala desiki imodzi ndi mnyamata wometa kale ndevu. Tanthauzo lake ndi lakuti aphunzitsi athu ankalandira ana osefedwa kale, ena a iwo atadutsa silabasi ya pulayimale maulendo angapo. Tikamanyadira mmene tinkakhozera, tisaiwale anzathu 9 aja amene adatsala kunja kwa chipata, amene sadawerengedwe m'zotsatira za sukulu iliyonse.

Likulu libwera ku Lilongwe

Chinthu chachiwiri chimene chidasintha nkhope za ana a m'kalasi ndi kusamuka kwa likulu la dziko. Boma la Dr H. Kamuzu Banda lidagamula mu 1965 kuti likulu lichoke ku Zomba. Mu 1968 kudakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange mzinda watsopano, ndipo dziko la South Africa lidapereka ngongole ya ndalama zokwana maranda 8 miliyoni zoyambira ntchitoyo. Lilongwe idakhala likulu mu 1975. Pofika kalembera wa mu 1977 anthu adali atachuluka kufika pafupifupi 99,000, ndipo mu 1987 adaposa 220,000.

Anthu amenewa sadali a kuno okha. Maunduna atasamukira ku Capital Hill, ogwira ntchito m'boma adabwera ndi mabanja awo kuchokera ku Zomba ndi Blantyre, ndipo kwawo kwenikweni kudali maboma onse a dziko lino, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Pa bwalo la sukulu, ana a Achewa a m'midzi yozungulira mzinda adayamba kusewera ndi ana olankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi Chinkhonde kunyumba kwawo. Kholo likasamutsidwa pa ntchito, mwana nayenso ankatenga kalata ya transifa, motero makalasi ankalandira alendo pakati pa chaka.

Mapulani a mzinda watsopano adagawa malo okhala potengera kapezedwe ka anthu. Akuluakulu a boma, akazembe ndi a makampani adapatsidwa nyumba za mipanda ikuluikulu ku Area 10, 11, 12 ndi 43 kufupi ndi City Centre, kuwonjezera pa Area 3 ndi Area 9 za mbali ya Old Town. Ogwira ntchito a pakatikati adalowa ku Area 15 ndi Area 18. Makalaliki, mamesenjala, alonda ndi amisiri ambiri adakhala ku Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde ndi Area 25. Pakati pa madera amenewa adasiya tchire ndi mitengo, ndipo mitunda idatalika. Mwana wa sukulu yoyendera ndiye adasenza mtunda umenewu ndi miyendo yake, kapena podikira basi ya UTM.

Komabe, pa nthawiyo sukulu za sekondale zoyima pazokha zidali zowerengeka. Chifukwa cha ichi, mwana wa bwana wamkulu wa ku Area 10 ndi mwana wa mesenjala wa ku Kawale ankatha kusankhidwira sukulu imodzi ya boma, kuvala yunifolomu imodzi ndi kulandira chilango chimodzi akachedwa. Mzinda udawalekanitsa kumene ankagona, koma sukulu inkawakumanitsa masana. Kusakanizana kumeneku kudali ndi phindu pa zotsatira, pakuti buku limene mmodzi adagulilidwa ndi bambo ake linkazungulira kalasi yonse, ndipo makolo odziwa makomo a ku Capital Hill ankayankhulira sukulu imene munali ana awo.

Amene ankatengedwa poyamba

Tiyeneranso kuvomereza kuti ngakhale m'masiku amenewo sukulu za mu mzinda sizinkasankha ana poyambirira. Dongosolo la Unduna lidaika masukulu m'magulu. Okhoza koposa onse ankapita ku masukulu a dziko lonse ogonera komweko, monga Lilongwe Girls, Dedza, Blantyre ndi Mzuzu, kudzanso masukulu a mipingo othandizidwa ndi boma monga Likuni Boys ndi Likuni Girls. Otsatira ankapita ku masukulu a m'maboma, ogonera ndi oyendera. Kuyambira mu 1981 padabweranso Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, imene inkatenga ana ochepa opambana kuchokera m'boma lililonse. Choncho kuyerekeza zotsatira za Bwaila ndi za sukulu zoterezi kudali kosalingana kuyambira kale, chifukwa wina adasankha nsomba m'ngalawa asadafike mnzake.

Ndale nazo zidakhudza makalasi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma lidayamba kusankha ophunzira opita ku Yunivesite ya Malawi potengera boma limene munthu amachokera, njira imene anthu adaizolowera ndi dzina loti kota. Kwa mwana wobadwira ndi kukulira mu Lilongwe, funso loti kwanu n'kuti lidayamba kulemera ngati mapointi ake. Mu 1989 kudabwera lamulo loti mphunzitsi aliyense akaphunzitse m'chigawo cha kwawo, ndipo aphunzitsi ambiri a kumpoto adachoka m'masukulu a chigawo cha pakati ndi cha kumwera, kusiya mipata imene sidatsekedwe msanga. Bwalo lalikulu la milandu lidathetsa kota mu 1993, idabwereranso mu 2009, ndipo boma lidalengeza kuithetsa mu 2020.

Chaka cha 1994 ndi kusefukira kwa makalasi

Kusintha kwakukulu koposa kudadza mu 1994, pamene boma la Dr Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale. M'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana a pulayimale chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Aphunzitsi zikwi zambiri adalembedwa ntchito asadaphunzitsidwe mokwanira, ndipo ana ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo. Patapita zaka 8, ana amenewa adafika pa khomo la sekondale. Ili lidali dalitso lalikulu kwa mabanja osauka, koma maziko amene ana ambiri adabwera nawo, makamaka pa Chingerezi ndi masamu, adali ofooka poyerekeza ndi a anzawo osefedwa aja.

Pofuna kupeza malo, boma lidatembenukira ku masukulu a MCDE. Chiyambi chawo chidali Malawi Correspondence College ya mu 1965, imene idasintha dzina kukhala Malawi College of Distance Education mu 1987. Mu 1998 malo ophunzirira a MCDE adasandutsidwa masukulu oyendera a m'madera, amene tonse timawadziwa kuti ma CDSS. M'mizinda, masukulu ena a boma monga Bwaila ndi Chipasula adayamba kuphunzitsa magulu awiri pa tsiku, ena m'mawa ena masana, m'zipinda zomwezo. Pamwamba pa apo padabweranso makalasi a open, momwe ophunzira osasankhidwa amalipira kuti aphunzitsidwe. Njira zimenezi zidatsegulira khomo ana ochuluka, koma maola okhala ndi mphunzitsi adachepa, ndipo labotale, mabuku, madesiki ndi zimbudzi zomangidwira gulu limodzi zidayamba kutumikira magulu angapo.

M'zaka zomwezo matenda a Edzi adalowa m'makalasi. Matendawa adapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004. Pakati pa zaka ziwirizi dziko lidataya aphunzitsi ambiri odziwa ntchito, ndipo ana amasiye oleredwa ndi agogo kapena achibale adachuluka. Boma lidatsegula Domasi College of Education mu 1993 kuti liwonjezere aphunzitsi a sekondale pa amene ankachokera ku Chancellor College, koma masukulu ankachuluka mofulumira kuposa aphunzitsi. Sizodabwitsa kuti mu 1999 ophunzira osakwana 20 mwa 100 alionse ndiwo adakhoza MSCE m'dziko lonse, ndipo mu 2000 mayeso adabedwa mpaka kulembedwanso. Iyi idali nthawi yovutadi, ndipo amene amati zinthu zidatsika ali ndi mfundo akamanena za zaka zimenezi.

Pali kusintha kwina kumene sikulembedwa m'malipoti a mayeso. Chitatha chaka cha 1994, sukulu zoyima pazokha zidabuka paliponse, zabwino ndi zachabe zomwe. Mabanja opeza bwino a ku Area 10, 12, 43 ndi 47 adayamba kutumiza ana awo ku sukulu zolipira, ena ku masukulu a mipingo, ena kunja kwa dziko. Nthawi yomweyo mzinda unkakula kwambiri kumbali ya madera osakonzedwa ndi mapulani monga Mtandire, Chinsapo, Mgona, Kauma ndi Senti. Kalembera wa mu 1998 adapeza anthu 440,000, wa mu 2008 adapeza oposa 660,000, ndipo wa mu 2018 adapeza 989,318. Mzinda umene udali ndi anthu 19,000 udachuluka kuposa maulendo 50 m'zaka 52. Sukulu ya boma ya mu mzinda idasanduka makamaka ya ana a anthu a geni, a maganyu ndi a malipiro ochepa. Mwana wotere amadzuka m'bandakucha kukatunga madzi, amayenda wapansi ndalama ya minibasi ikasowa, ndipo madzulo amawerenga m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi kapena ziwiri. Akakhoza ndi mapointi 24, tidziwe kuti wakwera phiri lalitali.

Atsikana alowa m'kalasi

Amayi ndi alongo athu amene adaphunzira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akukumbukira kuti m'masukulu osakaniza atsikana ankakhala ochepa, ndipo ankachepera-chepera pofika Fomu 4. Kwa nthawi yaitali Unduna unkasungira atsikana malo amodzi mwa malo atatu alionse a Fomu 1. Mtsikana akatenga pathupi, sukulu inkathera pomwepo. Zinthu zidayamba kusintha mu 1991 ndi ntchito ya GABLE, yothandizidwa ndi dziko la America, imene idayamba ndi kulipirira fizi atsikana osabwereza kalasi ku pulayimale, kenaka nkufikanso ku sekondale. Mu 1993 boma lidalola kuti mtsikana akabereka abwerere ku sukulu. Pambuyo pake cholinga chidakhala choti posankha ana a Fomu 1, anyamata ndi atsikana azilingana.

Uku ndi kupambana kumene sikuoneka tikamangoyang'ana maperesenti. Ngakhale zili choncho, zotsatira za MSCE za dziko lonse zakhala zikuonetsa chaka ndi chaka kuti anyamata akukhoza mochuluka kuposa atsikana. Chifukwa chake si nzeru. Mtsikana woyendera akafika kunyumba amapeza ntchito zapakhomo zikumudikira pamene mlongo wake akutsegula buku, ndipo ngati ali wa gulu la masana amabwerera kunyumba kukuda. Atsikana a m'masukulu ogonera monga Lilongwe Girls, amene alibe mitolo imeneyi, akhala akuonetsa kuti akapatsidwa nthawi ndi malo owerengera amakhoza bwino lomwe.

Mmene tingawerengere zotsatira

Malamulo a MSCE ambiri tikuwakumbukira. Giredi 1 ndi 2 ndi kupambana kwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Kuti munthu alandire satifiketi ayenera kukhoza maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi, limodzi mwa iwo ndi kirediti, kapena maphunziro 5 kuphatikizapo Chingerezi, atatu ndi kirediti. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene munthu wakhoza bwino koposa, motero mapointi 6 ndiye mapeto. Apa tikuona kuti Chingerezi ndicho loko wa chitseko: mwana akhoza kudziwa masamu ndi sayansi, koma akagwa Chingerezi satifiketi palibe. Mwana amene kunyumba kwawo kuli mabuku ndi makolo ophunzira amayamba mpikisanowu ali patsogolo.

Zotsatira za dziko lonse zimakweranso ndi kutsika pa zifukwa zimene sukulu imodzi singazilamulire. Mu 2015 boma lidalengeza kuthetsa mayeso a JCE, ndipo ana adayamba kufika Fomu 4 osadutsa pa sefa ya Fomu 2, mpaka pamene mayesowa adabwezeretsedwa nkulembedwanso mu 2021. Mu Malichi 2020 masukulu adatsekedwa kwa miyezi yoposa isanu chifukwa cha mliri wa Covid-19. MSCE ya chaka chimenecho idabedwa, idaimitsidwa mu Novembala, ndipo idalembedwanso mu Januwale 2021. Mwa ophunzira oposa 138,000 amene adalemba, 41 okha mwa 100 alionse ndiwo adakhoza. Mu 2022 okhoza adakwera kufika pa 58 mwa 100 alionse, ndipo mu 2023 adali 54. Nambala zimenezi, ngakhale sizosangalatsa, zili pamwamba kwambiri pa za mu 1999, chonsecho olemba mayeso achuluka zedi.

Tiyeni tiyerekeze masukulu awiri ongopeka, aliwonse atalandira ana 100 mu Fomu 1. Pa sukulu yoyamba ana 40 asiyira panjira, 60 alemba MSCE ndipo 54 akhoza. Sukuluyo ilengeza kuti yakhoza ndi maperesenti 90, ndipo tonse tiomba m'manja. Pa sukulu yachiwiri aphunzitsi alimbana ndi kusunga ana, 90 alemba ndipo 63 akhoza. Iyo ilengeza maperesenti 70, ndipo ife tipukusa mitu. Koma sukulu yachiwiri yatulutsa ana 63 a satifiketi pamene yoyamba yatulutsa 54. Kodi yagwira ntchito yaikulu ndi iti?

Choncho, abale ndi alongo, zotsatira za Bwaila zikatuluka tizifunsa mafunso anayi tisadayankhule. Loyamba, mwa ana amene adalowa Fomu 1 zaka zinayi zapitazo, ndi angati afika polemba mayeso? Lachiwiri, kodi nambala imene tapatsidwa ndi ya ophunzira osankhidwa okha, kapena yaphatikiza a open ndi olembera pa sukulupo kuchokera kunja? Lachitatu, atsikana akhoza bwanji poyerekeza ndi anyamata, nanga gulu la m'mawa ndi la masana? Lachinayi, tikuyerekeza sukulu yathu ndi iti: yogonera imene idasankha ana poyamba, kapena inzake yoyendera ya mu mzinda womwe uno? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo angatiuze ngati vuto lili m'kalasi, panjira kapena kunyumba, ndipo ngati pakufunika buku la Chingerezi, zida za labotale kapena chipinda chowala chowerengeramo Loweruka.

Mbiri imeneyi sikutanthauza kuti tileke kufuna zotsatira zabwino. Mphunzitsi wojomba ndi mwana wosalimbikira alipo lero monga adaliponso nthawi yathu, ndipo ayenera kudzudzulidwa. Koma ife tidalowa pa chipata chopapatiza, m'mzinda waung'ono, m'makalasi amene olemera ndi osauka ankakhala pamodzi. Ana a lero alowa pa chipata chotakasuka, m'mzinda wa anthu oposa miliyoni, ndipo ambiri a ife amene tidapeza bwino tidatumiza ana athu kwina. Makolo odziwa makomo aja, amene kale ankayankhulira sukulu chifukwa munali ana awo, lero ndi ochepa pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Mpando umenewo ndi wopanda munthu, ndipo oyenera kukhalapo ndi ife amene tidadya nzeru za pa Bwaila. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.